Chimera cha ku Kasisi

Mnyamata wa masiku ano amene afuna kuyamba kufulula mowa pakhomo pake, akapita ku Lusaka nakagula ndowa ya chivindikiro, shuga, kapaketi ka yisiti ndi thumba la chimera chogayagaya, amabwerera ku Kasisi ali ndi mtima wakuti nzeru yonse ya ntchitoyi waisenza m'chikwama. Koma ine, amene ndidakula ndikutumidwa nkhuni ndi madzi pa masiku ofulula, ndinena kuti chimene wagulacho ndi mchira wa nkhani yaitali, ndipo kumuyenera kuti amve kumene kuli mutu wake.

Pamene Bambo Jules Torrend, wansembe wa gulu la Ajezuiti, adamanga misoni ya Kasisi m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere m'chaka cha 1905, chaka chomwecho chimene njanji idafika pamudzi wa Lusaka, adapeza Asoli ndi Alenje akufulula monga adachitira makolo a makolo awo. Mowa wa nthawi imeneyo unali ndi ntchito zake zodziwika. Munthu amene munda wamukulira ankaitana dima, anzake nadza ndi makasu mbandakucha, nalandira mphotho yawo m'chipanda dzuwa litapendeka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Maliro sankatha popanda mbiya, ndipo mizimu sinkapembedzedwa chimanjamanja. Kufikira lero lino, pa mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera Asoli kupempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa makolo awo mwezi wa Okutobala, nthawi imene nkhokwe za mawere zinkatsegulidwa kale kaamba ka mowa wa nsembe.

Mtima wa ntchito yonseyi unali chimera, ndipo ndi apa pamene ndifuna kuchedwapo. Agogo anga aakazi ankaviika mawere usiku wathunthu, m'mawa nawayala padengu, nawafundika masamba a nthochi m'kachipinda kamdima, ndipo tsiku lachitatu ankatiitana kuti tione timizu toyera titalukana ngati ulusi, dengu lili fuu kufunda ngati muli nkhuku yofungatira. Ankatafuna njere imodzi, osanena kanthu; ikatsekemera, pomwepo ndi pamene ankayanika padzuwa ndi kukapera pamphero. Iwo sadaphunzire kuti njere yomera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, koma lilime lawo linkadziwa ola lake lenileni, pakuti chimera chofulumira chimapereka mowa wopanda nyonga, ndipo chochedwa chimanunkha nkhungu. Kunkatsata phala la m'mbiya zazikulu, lolisiya kuti lisase, kuliphikanso, kulizizitsa kufikira chala chikhoza kupirira, ndiyeno kuthiramo chimera. Apo ife ana tinkalandira gawo lathu la thobwa, akulu nayembekeza masiku ena kuti thovu likwere, mowa ukunthidwe, masese atsale. Yisiti wogula kunalibe, chifukwa mbiya yakale inkasunga chotupitsa chake m'ming'alu yake, ndipo chifukwa cha ichi agogo sankabwereketsa mbiya yawo kwa munthu wamba. Ngakhale mwambo wakuti wofulula adike, asakhale malo amodzi ndi mwamuna wake kufikira mowa utapsa, unkasonyeza ulemu umene ntchitoyi inali nawo.

Chimene chidasintha zonse ndicho tauni. Lusaka atakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935, amuna adachuluka m'makomboni ali ndi ndalama m'thumba ndi ludzu pakhosi, ndipo amayi, amene zitseko za ntchito zolipidwa zidawatsekera, adaona kuti nzeru ya amayi awo ikhoza kuvala ana ndi kulipira sukulu. Boma la atsamunda nalo lidaona ndalama zomwezo. Potsata njira imene idayambira ku Durban, lidamanga nyumba za mowa za kanselo, niletsa kufulula m'makomboni, apolisi nayenda akugubuduza migolo. Ndipo m'chaka cha 1954 amayi ofulula a mu Lusaka adanyamuka pagulu kukadandaula kwa a boma. Ine ndiyesa mlandu wawo unali wolungama, pakuti adalandidwa munda umene adaulima okha. M'zaka zomwezo, ku migodi ya mkuwa, Max Heinrich adayamba kuphika mowa wa masese ndi makina, akulemba miyeso yake m'buku, ndipo kuchokera m'bukulo mudatuluka dzina la Chibuku, limene lidawoloka malire kufika ku Malawi, Zimbabwe ndi Botswana. Nzeru imene inkakhala palilime la nkhalamba idalowa papepala.

Kumidzi nakonso chimanga chidapitikitsa mawere ndi mapira m'minda, mgolo wachitsulo nulanda malo a mbiya, ndipo shuga ndi yisiti zidafupikitsa ntchito ya masiku 7 kukhala ya usiku umodzi. Pambuyo pake padabweranso zakumwa zaukali zotchipa, monga tujilijili timene boma lidaletsa m'chaka cha 2012 titapha nyonga ya achinyamata ambiri. Sindinyoza paketi ya yisiti ndi chimera chogula ayi: miyeso yake ndi yoona, ndowa yotsukidwa bwino imateteza mimba, ndipo wophunzira sataya ufa wake pachabe. Chimene chindiwawa mtima nchakuti pa Kasisi pomwepa, pamene Ajezuiti adatsegula sukulu ya ulimi m'chaka cha 1974, imene lero iphunzitsa kulima mosadalira feteleza wa m'sitolo, mnyamata akhoza kukula osaonapo mawere akumera padengu.

Mdzukulu wa mlongo wanga atandionetsa ndowa yake yatsopano chaka chatha, ndidamtuma kwa mayi wina wokalamba wa kutsidya kwa Ngwerere atanyamula mbale ya mawere. Mayiyo adapeta mawerewo, nataya mankhusu, namuuza kuti, “Mwanawe, ubwerenso mkuja m'mamawa, udzalawe wekha.” Ulendo woyamba chimera chidachita nkhungu, chifukwa mnyamatayo adagonereza nafika dzuwa lili pamutu. Ulendo wachiwiri adafika tambala asanatsike, ndipo mayiyo adamlola kukhudza mbiya.