Kuchotsa Munthu Nchito Osamva Mawu Ake

Lero tikambe za lamulo lokhudza aliyense wa inu amene analemba mlonda, wobusa ng'ombe kapena wanchito wa pa munda wa fodya.

Tiyambe ndi zakale. Makolo athu ambiri a muno mu Mzimba anakagwira nchito ku Joni ndi ku Halale, ndipo iwo amadziwa kuti masiku amenewo mawu a bwana ndiwo anali lamulo. Ngakhale kuno kwathu, pansi pa lamulo la za nchito la 1964, bwana ankangopereka notisi kapena malipiro a masiku a notisiyo, nkhani nkuthera pomwepo. Sanali kukakamizidwa kunena chifukwa.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1982 bungwe la za nchito la maiko onse, la ILO, linapanga pangano lakuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chenicheni, ndipo Malawi analivomera mu 1986. Mu 1994 malamulo aakulu a dziko anapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsidwa nchito mwachilungamo, nakhazikitsanso bwalo la milandu ya apanchito lotchedwa Industrial Relations Court. Pomaliza, mu 2000, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la za nchito, ndipo ndilo tikutsata lero.

Tsono tamverani bwino. Ndime 57 ya lamuloli ifuna zinthu ziwiri. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka. Chachiwiri, ngati mlandu uli wa khalidwe kapena wa kagwiridwe ka nchito, wanchitoyo apatsidwe mpata woyankha asanachotsedwe. Apa ndipo alimi ambiri amagwa. Tinene kuti mlonda wanu wagona usiku, mbava zanyamula matumba a chimanga, ndipo inu mwa ukali mwamthamangitsa m'mawa womwewo. Chifukwa muli nacho, koma njira mwaiphonya, ndipo bwalo likhoza kugamula kuti munamchotsa mopanda chilungamo.

Bwalo likatero, lingalamule kuti abwerere pa nchito, kapena kuti mumlipire chipukuta misozi. Ndime 63 inaika malire a pansi. Amene wagwira zaka zosapitirira 5 alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Wopitirira zaka 5 kufikira 10, masabata awiri. Wopitirira 10 kufikira 15, masabata atatu. Wopitirira 15, mwezi wathunthu pa chaka chilichonse. Motero mlonda wa zaka 7 sangalandire zochepera malipiro a masabata 14. Pamwamba pa malirewo bwalo limayesa zimene munthuyo wataya, limayesanso mbali imene iye mwini anachititsa. Nchifukwa chake wanchito wolakwa amene sanamvedwe salandira zofanana ndi amene anachotsedwa wosalakwa konse.

Inu mafumu, kodi zimenezi nzachilendo? Pa bwalo lanu simugamula mlandu wa malire a munda mutamva mbali imodzi. Lamuloli langotenga mwambo womwewo nkuulowetsa pa nchito.

Choncho inu olemba anthu nchito, wanchito akalakwa, muuzeni mlandu wake poyera, mpatseni nthawi yokonzekera, mumve yankho lake pamaso pa mboni, ndipo mulembe zonse m'buku pamodzi ndi tsiku lake. Kumbukirani kuti ku bwalo, inu ndinu oyenera kutsimikiza chifukwa chimene munamchotsera. Kuona maso a nkhono nkudekha: kudikira masiku awiri kungakupulumutsireni ndalama za fetereza wa chaka chonse.

Inunso apanchito, mukachotsedwa osamvedwa, musachedwe. Pitani ku ofesi ya Leba ku Boma isanathe miyezi itatu. Kumeneko ikakanika, nkhani ipita ku bwalo la apanchito, limene kuno ku mpoto lili ku Mzuzu.

Mafumu, kafotokozeni mawu amenewa pa misonkhano ya m'midzi mwanu. Tsalani bwino nonse.