Forest 27 ndi dziko Lacikhristu

Pa 29 December 1991, a Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko Lacikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewa analowa m'malamulo aakulu a dziko. M'caka comweco boma linabwezela citetezo ku nkhalango ya Lusaka East, imene ambili timaicha Forest 27. Mbili ya nkhalangoyi imaonetsa ngati cikhulupililo cathu cimafika ku nthaka imene timapondapo.

Nkhalangoyi ili kum'mawa kwa mzinda, ukapitilila Kabulonga. Boma la atsamunda linaiteteza mu 1957 cifukwa ndiye gwelo la mtsinje wa Chalimbana, umene umathila mu Chongwe. Mvula ikagwa pamenepo, mitengo imagwila madzi kuti alowe pansi m'malo mothamanga, ndipo madzi apansiwo ndi amene zitsime zambili za mu Lusaka zimadalila.

Mu 1983 citetezo cinacotsedwa. Mitengo inadulidwa, anthu anayamba kukumba mcenga, ndipo Chalimbana anayamba kuphwa. Alimi ndi anthu okhala m'mbali mwa mtsinje anadandaula kwa zaka zambili mpaka boma linamva mu 1996. Koma kuyambila mu 2017 mpaka 2019, zigawo zazikulu zinacotsedwanso n'kugawidwa mapuloti. Pamene panali mitengo, lelo pali mipanda ya njelwa.

Kodi machalichi amati bwanji pa zotele? Mu 1967 katswili wa mbili yakale wa ku America, Lynn White, anaimba mlandu Cikhristu ca Azungu. Iye anati ciphunzitso ca pa Genesis 1, cakuti munthu apatsidwa ulamulilo pa zolengedwa, cinapangitsa anthu kuona dziko ngati katundu cabe. Akhristu ambili anayankha ndi Genesis 2, pamene munthu aikidwa m'munda kuti aulime ndiponso ausunge. Wosunga munda si mwini wake, ndipo tsiku lina adzafunsidwa.

Kuno kwathu ena anacitapo kanthu msanga. Ajezuiti anatsegula sukulu ya zaulimi ku Kasisi mu 1974, ndipo ca m'ma 1990 anayamba kuphunzitsa ulimi wosadalila feteleza ndi mankhwala. Mu 2015 Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', yokamba kuti dziko likaonongeka, oyamba kuvutika ndi osauka.

Tinazionadi mu 2024. Cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 February, madzi anatsika ku Kariba, malaiti anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse. Ku Kabwata ndi ku Chelstone mabanja anabwelela pa mbaula, thumba la malasha linakwela mtengo, ndipo mitengo inanso inagwa kumidzi.

Abale, m'machalichi mwathu timapemphelela mvula caka ndi caka, ndipo n'zoyenela. Koma amene anapulumutsa Forest 27 mu 1996 anali anthu wamba amene sanaleke kukamba. Mpingo umene umadzaza mabenchi Sande iliyonse uli ndi mau aakulu kuposa awo. Gawo la nkhalango lotsalalo likali kuyembekezela mau amenewo.