Nyali za Ana a pa Isle of Man

Pakati pa Ireland ndi England pali chisumbu chaching'ono chotchedwa Isle of Man. Ndafuna kulemba za miyambo yake iwiri ya nyengo yokolola chifukwa mbiri yake ikuyankha funso limene limandivuta, lakuti kodi mwambo amausunga ndani anthu akasiya moyo umene unaubala.

Mwambo woyamba ndi Mheillea. Kale, pa tsiku lomaliza kumweta mbewu, mtolo wotsiriza ankaumanga ndi tinsalu tokongola kuti uoneke ngati kamwana, ndipo mkazi mmodzi mwa omwetawo ankaunyamula anzake akufuula. Madzulo ake mwini munda ankakonzera antchito phwando. Makina okololera atafika, magulu a omweta anatha. Dzina lokha ndilo linatsala: Mheillea ya masiku ano ndi kugulitsa zokolola mopikisana mitengo, kawirikawiri m'nyumba zomweramo mowa, ndipo ndalama zake zimapita ku ntchito zachifundo.

Wachiwiri ndi Hop-tu-Naa, usiku wa pa 31 Okutobala, pamene nyengo yotentha imatsanzika ndipo yachisanu imalowa. Kalendala itasinthidwa m'zaka za m'ma 1750, ambiri anakakamira kawerengedwe kakale nkumachita mwambowu pa 11 Novembala. Tsono tsiku lotsatira, la 12 Novembala, lotchedwa Hollantide, linali tsiku lolipira lendi ya minda ndiponso loyamba ntchito kwa bwana watsopano. Apa mpamene pagona tanthauzo la usikuwo. Munthu wosadziwa kumene adzagone chaka chamawa amafuna maula. Banja linkasalaza phulusa pamoto pogona. M'mawa mukaoneka phazi loloza kukhomo, ankati m'nyumbamo mugwa maliro. Atsikana ankaumba Soddag Valloo, mkate wosakaniza ndi mchere, mwaye ndi zikamba za mazira, osalankhula ngakhale liwu limodzi. Akadya ankapita kokagona chafutambuyo kuti alote mwamuna wodzawakwatira. A. W. Moore analemba zambiri mwa izi m'buku lake la miyambo ya pachisumbupo mu 1891.

Anthu ophunzira anayesetsa kupulumutsa zimene zinkatayika. Mu 1938 nyumba yofolera ndi udzu ya Harry Kelly m'mudzi wa Cregneash inatsegulidwa kuti alendo azidzaona moyo wakale. Komabe chilankhulo cha Manx chinapitirira kufota, ndipo mu 1974 anamwalira Ned Maddrell, amene anakulira ku Cregneash komweko, munthu womaliza mwa amene anachiyamwira.

Komatu m'zaka zonsezi ana sanaleke Hop-tu-Naa. Ankagoba turnip, ndiwo ya muzu waukulu wolimba, nkuikamo kandulo, nkumayenda khomo ndi khomo akuimba, dera lililonse ndi kaimbidwe kake, mawu ambiri ali a Chingerezi. Panalibe komiti imene inawatuma. Ndi ananso amene anayankha pamene bungwe la UNESCO linalemba mu 2009 kuti chilankhulo cha Manx chinafa: ana a sukulu ya Bunscoill Ghaelgagh, imene inayamba mu 2001 kuphunzitsa m'chilankhulocho, analemba makalata otsutsa m'Chimanx chomwecho, ndipo bungwelo linasintha mawu ake.

Kwa zaka zambiri tsopano Cregneash yakhala ikulandira alendo kumapeto kwa Okutobala kuti adzagobe nyali, amve nyimbo ndi kuona magule. Sindikunyoza zimenezi, pakuti popanda nyumba zotere tikanadziwa zochepa. Koma mlendo amaona nyali yokha. Mantha a lendi, njala ya m'chisanu ndi nkhawa ya mtsikana sizingaikidwe pa thebulo. Ine ndikuona kuti Mheillea inasanduka chinthu china chifukwa inali ya ntchito ya akuluakulu, ndipo ntchitoyo inatha. Hop-tu-Naa inapulumuka chifukwa inagwera m'manja mwa ana, amene amaifuna chaka ndi chaka, kaya kuli mlendo woonerera kaya kulibe.