Makoko a Zipolopolo Zakale ndi Mbiri Yao

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono, kolingana ndi cala ca munthu kutalika kwace, kamene alimi a ku Mbala ndi ku Kasama amakatulukira nthawi zina ndi khasu: khoko la cipolopolo ca nkhondo yakale. Ana amaliyesa mluzu, ndipo ogula zitsulo zakutha amaliponya pa sikelo. Koma alipo anthu m'maiko ambiri amene amasonkhanitsa makoko otere, pamodzi ndi mapepala ndi mabokosi amene zipolopolozo zinadzeramo. Ena amawaseka kuti ngotola zinyalala. Ine nditi anthuwa akusunga mboni, pakuti khoko liri lonse linalembedwa kumene linacokera, ndipo amene adziwa kuwerenga zilembo zace amamva mbiri.

Tiyambe ndi mapangidwe ace. Makolo athu, pokhala ndi mfuti za gogodera, ankathira onga kukamwa kwa mfuti, natsindira nsanza ndi cipolopolo, naika fataki payekha. Mfuti za asilikari zimalandira zonsezi pamodzi m'khoko limodzi: fataki pansi, onga m'kati, ndi mutu wa ntobvu pamwamba. Khokolo ndi la mkuwa wacikasu, ndiwo magawo 70 a mkuwa weni-weni ndi magawo 30 a zinki. Anasankha mkuwa cifukwa onga ukaphulika khoko limatupa nkutseka mpata wonse, kuti moto usabwerere kumaso kwa woombera. Pambuyo pace limafota pang'ono, nkuturuka mosabvuta.

M'caka ca 1871 Angerezi anasankha mfuti ya Martini-Henry. Makoko ace oyamba anali a mkuwa wopsapsala wokulunga ngati fodya, ndipo ankapindika msanga ndi kukanirira m'mfuti ikatentha. M'caka ca 1888 anayamba cipolopolo cocepa cochedwa .303. Poyamba cinali ndi onga wakuda wofuka utsi, koma m'caka ca 1891 anayamba kuikamo onga wopanda utsi wambiri wochedwa cordite, umene uoneka ngati timitengo ta udzu. M'caka ca 1910 anaturutsa mtundu wacisanu ndi ciwiri, wa mutu wosongoka, ndipo ndi umenewo unamenya nkhondo zazikuru zonse ziwiri.

Tsono tembenuzani khoko, muyang'ane pansi pace pozungulira fataki. Mukaona R ndi L, ndi kamubvi pakati pao, dziwani kuti linapangidwa ku Woolwich, pafupi ndi mtsinje wa Thames ku London. Kamubviko ndi cizindikiro ca katundu wa Boma la Angerezi. K aimira fakitale ya Kynoch ku Birmingham, KF aimira Kirkee ku India, ndipo U aimira South Africa. Zilembo VII zinena mtundu wacisanu ndi ciwiri uja. Caka cimalembedwanso, pena manambala onse anai, pena awiri otsiriza okha. Ajeremani anali osamala koposa, pakuti pa makoko ao ambiri analembapo ndi mwezi womwe.

Kuwerenga kotere kutithandiza bwanji ife? Kumbukirani kuti nkhondo ya 1914 inafika m'dziko lathu lino. Ajeremani a ku Tanganyika anathira nkhondo Abercorn, ndiyo Mbala ya lero, m'mwezi wa September 1914, ndipo m'caka ca 1915 anazinga linga la pa Saisi. Asilikari ao ambiri akuda anali ndi mfuti zakale za Mauser za mtundu wa 1871, za zipolopolo zazikuru ndi onga wakuda, kotero kuti utsi unkaulula pamene abisala. Popeza zombo za Angerezi zinatseka njira ya panyanja, mkuru wao, Paul von Lettow-Vorbeck, ankadalira kulanda zida za adani. Analanda mfuti ndi zipolopolo za Angerezi pa Tanga mu November 1914, ndi za Apwitikizi pa Ngomano, m'mbali mwa mtsinje wa Rovuma, mu November 1917.

Mu November 1918 gulu lace linalowa m'dziko lino, nilitenga Kasama. Nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 November, koma mau ace anam'peza iye patapita masiku, ali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, pamene paima mwala wa cikumbutso. Anapereka zida zace pa Abercorn pa 25 November 1918, ndipo mfuti zambiri zinaponyedwa m'nyanja yaing'ono ya Chila. Cifukwa cace khoko la Cingerezi lopezeka kumpoto silitsimikiza kuti woombera anali wa Angerezi. Kapena anali msilikari wa Ajeremani wogwira mfuti yolanda. Apa ndi pamene wosonkhanitsa wanzeru asiyana ndi wotola cabe. Iye amalemba malo eni-eni pamene khoko linapezeka, ndi makoko ena amene anagona pambali pace, pakuti mboni imodzi siitha mlandu.

Tsopano tinene za zokulungira. Zipolopolo za Martini-Henry, ndi za .303 zoyamba, zinkamangidwa khumi khumi m'pepala lolimba ndi kacingwe, ndipo pa pepalapo ankadinda mtundu wace ndi kumene zinapangidwa. Pambuyo pace anayamba kuziika zisanu zisanu m'kacitsulo, kuti msilikari azikankhire m'mfuti nthawi imodzi, ndipo tizitsulo khumi tinkalowa m'lamba wa nsaru wa zipolopolo 50 wokoleka paphewa. Zonsezi zinkadza m'mabokosi a matabwa okhala ndi citini m'kati, kuopa cinyezi. Osonkhanitsa amakonda pepala kuposa khoko, cifukwa nlosowa. Msilikari ankaling'amba ndi kulitaya, ndipo zotsala zinatha ndi mvula ndi ciswe. Mkuwa ukhoza kugona m'nthaka zaka zana, koma pepala silitha dzinja limodzi.

Musayese kuti pepala ndi kanthu kacabe. M'caka ca 1857, ku India, asilikari Acimwenye anapatsidwa onga ndi cipolopolo zokulunga m'pepala lodzola mafuta, limene anayenera kuliluma ndi mano asanathire m'mfuti. Inamveka mbiri yakuti mafutawo ndi a ng'ombe ndi a nkhumba, zonyansa kwa Ahindu ndi kwa Asilamu. Madandaulo analipo kale ambiri, koma kapepalako ndiko kanayatsa moto wa kuukira kwakukuru. Kwathu kuno bokosi likumbutsa cina. Kumpoto kunalibe njanji, ndipo ng'ombe zinkafa ndi kashembe, kotero mabokosiwo anayenda pamitu ya amtenga-tenga zikwi zambiri, olembedwa m'midzi, ambiri mokakamiza. Oculuka anafera m'njira ndi njala ndi nthenda, ndipo maina ao sanalembedwe pa bokosi liri lonse.

Inu a ku migodi, mbali yotsirizayi ndi yanu. Pa nkhondo yoyamba migodi yaikuru inali isanatseguke. Roan Antelope ku Luanshya inayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndi Nchanga mu 1939. Ku Broken Hill, ndiyo Kabwe, kunali kuturuka ntobvu ndi zinki. Nkhondo yaciwiri itayamba mu 1939, Boma la Angerezi linagula mkuwa wa m'migodi imeneyi kaamba ka zida. Motero mukagwira khoko la Cingerezi la 1942, nkutheka kuti mwagwira thukuta la agogo anu. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment anaombera zipolopolo za .303 pa Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, ndi ku Burma mu 1944. Koma tisabise cinthu cowawa. Anchito a ku migodi atanyanyala nchito pofuna malipiro oyenera, asilikari anawaombera pa Nkana pa 3 April 1940, ndipo anthu 17 anafa. Okumba mkuwa anaphedwa ndi zipolopolo za m'makoko a mkuwa.

Ndisanatsirize, ndikusiyireni malangizo atatu. Loyamba: cipolopolo cimene cikali ndi mutu wace ndi camoyo, cingakhale cakale motani. Musacimenye, musaciboole, musaciponye pamoto, ndipo musalole ana kusewera naco. Lamulo la dziko lino sililola munthu kusunga zipolopolo wopanda cilolezo, cifukwa cace kauzeni apolisi. Laciwiri: khoko lopanda kanthu musalikwece ndi mcenga kuti liwale, pakuti mudzafafaniza zilembo zomwe zija, litsukeni ndi madzi okha, muliumitse. Lacitatu: lembani pa kapepala malo ndi tsiku limene munalipeza, ndipo ngati muli nalo pepala, lamba kapena bokosi lakale, kalionetseni ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, monga ya Moto Moto ku Mbala kapena ya ku Livingstone.

Wogula zitsulo adzakupatsani tindalama tosakwanira ndi mcere womwe, ndipo khoko likalowa m'ng'anjo zilembo zace zatha mpaka muyaya. Amene anasenza mabokosi aja, ndi amene anakumba mkuwa uja, sanatisiyire makalata ambiri. Tisasungunule zocepa zimene zatsala. Tsalani bwino nonse.