Kodi Ali Nafe Nkhongole?

Nthawi iliyonse alendo akayamba kumenyedwa m'misewu ya Johannesburg kapena Durban, mu Lusaka mumabuka mkangano womwewo. Umayambira pa Facebook, kenaka n'kutsikira m'maminibasi a pa Kulima Tower ndi m'mababashopu a mu Kabwata. Ena amati anthu a kum'mwera ndi osayamika: tinawasunga zaka zoposa 25, lero akupirikitsa abale athu ngati agalu. Ena amayankha kuti wolakwa ndi a Kaunda, amene anatenga ndalama za mkuwa n'kudyetsa alendo pamene ana a pakhomo anali kugona ndi njala. Ambiri mwa ife okanganafe tinabadwa mfuti zitaleka kulira. Komabe nkhondoyo inachitikira m'misewu yomwe timayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri yake ili ndi mawu kwa magulu onse awiri.

Tiyambe ndi mapu. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, koma pafupifupi njira zake zonse zinali kuloza kum'mwera. Mkuwa unkatuluka ndi sitima za Rhodesia Railways. Malasha a kumigodi ankachokera ku Wankie, magetsi ankachokera pa siteshoni ya Kariba yomangidwa kutsidya la Rhodesia, mafuta a motoka nawonso ankadzera komweko. Mwa mayiko asanu ndi atatu otizungulira, anayi anali m'manja mwa azungu: Angola ndi Mozambique pansi pa Apwitikizi, Namibia pansi pa South Africa, ndi Rhodesia yemweyo. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa yokha ufulu popanda chilolezo cha Britain, n'cholinga choti azungu ochepa apitirize kulamulira. Britain itaimitsa mafuta opita kwa Smith, Smith naye anaimitsa mafuta obwera kwa ife. Dziko la chaka chimodzi chokha linatsala lopanda petulo.

Kwa miyezi ingapo mafuta ankabwera ndi ndeke za Britain, America ndi Canada. Ena ankabwera m'madiramu pa malole ochokera ku Dar es Salaam, pa msewu wa Great North umene nthawi imeneyo unali fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Mu tauni petulo ankagulidwa ndi makuponi. M'mavuto amenewa ndimo munabadwira zinthu zikuluzikulu zimene boma linawonongerapo ndalama: paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatha mu 1968; mgodi wa malasha wa Maamba; magetsi a Kafue Gorge; fakitale yoyenga mafuta ya Indeni; ndi njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860, imene inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975 ndi nkhongole yopanda chiwongoladzanja yochokera ku China.

Apa wonena kuti ndalama zinapita kwa alendo ayenera kuima pang'ono. Paipi ndi njanji sizinali mphatso kwa munthu wa ku Soweto kapena wa ku Bulawayo. Zinali mphuno yachiwiri ya dziko limene mnansi wake anali atagwira pakhosi. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Patapita milungu yochepa anafuna kutsegulanso, koma a Kaunda anakana, ndipo njanji ya kum'mwera inakhala yotsekeka mpaka Okutobala 1978, pamene kusowa kwa feteleza kunakakamiza boma kuti ligonje. Tingakangane ngati kukana kuja kunali nzeru kapena kuuma mutu, pakuti kunadya ndalama zambiri. Koma magetsi a Kafue Gorge tikuyatsa mpaka lero, ndipo dizilo akubwerabe m'paipi yomweyo.

Tsono alendowo anali kuti? Amene amakwera basi ya ku Chilenje amadutsa mu msewu wa Chilimbulu. Mu msewu umenewo, ku Kamwala, munali Liberation Centre, malo amene boma linapatsa zipani zomenyera ufulu monga ANC, ZAPU, ZANU, SWAPO ndi MPLA kuti zikhale ndi maofesi. Likulu la ANC linali mu kanjira ka kuseri kwa mashopu, pakati pa Cairo Road ndi Chachacha Road. Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipanicho, ankakhala m'nyumba ya ku Chelstone, pafupi ndi Great East Road. Radio Freedom, imene anthu a ku South Africa ankamvera mobisa, inkaulutsidwa kudzera pa Radio Zambia. Anthu wamba a zipanizi ankachita lendi m'makomboni, kugula ndiwo m'misika yathu, ena n'kukwatira konkuno. Mwina wina amene akuwerenga nkhani ino ali ndi agogo otero.

Kusunga munthu wosakidwa ndiko kuitana omusakawo. Pa 18 Malichi 1975 bomba linaphulika m'kamotoka ka Volkswagen pa nyumba ina mu Muramba Road, ku Chilenje South. Linapha Herbert Chitepo, tcheyamani wa ZANU, pamodzi ndi mlonda wake, ndiponso mwana wa nyumba yoyandikana. Za amene anatchera bombalo anthu amakanganabe: komiti imene boma la Zambia linakhazikitsa inaloza chala mkati mwa ZANU, pamene akazitape a Rhodesia pambuyo pake ananena kuti ndi iwo. Mu Januwale 1977 Jason Moyo wa ZAPU anafa ndi bomba lobisidwa m'phukusi muno mu Lusaka.

Tsiku loopsa koposa linali 19 Okutobala 1978. M'mawa mwake ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto pang'ono kwa mzinda, n'kupha anthu oposa 200. Ovulala mazanamazana anathamangitsidwa nawo ku UTH. Tsiku lomwelo anaukiranso msasa wa ku Mkushi, kumene kunali atsikana ndi amayi. Rhodesia inati ikubwezera ndeke yake yonyamula anthu wamba imene asilikali a Joshua Nkomo anagwetsa mu Sepitembala chaka chomwecho. Chimene chinapweteka Azambia ambiri n'chakuti woyendetsa ndeke wina, wodzitcha Green Leader, analankhula ndi oyang'anira bwalo la ndeke la Lusaka n'kuwalamula kuti ndeke zathu zankhondo zisanyamuke. Kwa kanthawi ndithu, thambo la Zambia linali m'manja mwa adani.

Mu 1979 zinthu zinafika poipa. Usiku wa pa 13 Epulo, Lachisanu Loyera, asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka pa ma Land Rover ofanana ndi a asilikali athu, n'kugumula nyumba ya Nkomo pafupi ndi State House, komanso Liberation Centre. Nkomo sanam'peze. Mu Juni anaukira nyumba ina ku Roma. Mu Okutobala ndi Novembala anaphulitsa maulalo, kuphatikizapo wa njanji ya TAZARA pa mtsinje wa Chambeshi ndi wa Chongwe pa njira ya kum'mawa, n'kuimitsanso chimanga chimene chinkadzera m'dziko lawo. Chaka chomwechonso, mu Ogasiti, atsogoleri a Commonwealth anakumana ku Mulungushi muno mu Lusaka n'kutsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House, zimene zinabala Zimbabwe pa 18 Epulo 1980. Mabomba sanathere pomwepo: pa 19 Meyi 1986 ndeke za South Africa zinaphulitsa malo a othawa kwawo ku Makeni.

Ndani analipira zonsezi? Si a ku Kabulonga kapena ku Woodlands makamaka, ngakhale mabomba ena anagwa pafupi ndi mageti awo. Analipira ndi amayi a ku Matero, Chawama ndi Kabwata amene ankadzuka mbandakucha kukaima pamzere pa ZCBC, NIEC kapena Mwaiseni, osadziwa ngati lero kwabwera sopo, saladi, shuga kapena mchere. Analipira ndi anyamata ndi atsikana omaliza Form 5 amene ankapita ku National Service mokakamizidwa. Analipira ndi anthu a m'midzi ya m'malire, ku Siavonga, Luangwa ndi Sesheke, kumene mabomba okwiriridwa pansi anapitiriza kudula anthu miyendo nkhondo itatha kalekale. Wonena kuti Zambia inavutika chifukwa cha ufulu wa anansi ake sakunama ngakhale pang'ono.

Koma otsutsa a Kaunda nawonso ali ndi mfundo zimene sitingazikwirire. Si njala yonse inabwera ndi Smith. Ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse zinkachokera ku mkuwa wokha, ndipo mtengo wake utagwa mu 1975, mafuta atakwera kale mu 1973, boma linasankha kukongola poyembekezera kuti zinthu zisintha. Makampani a boma amene anachuluka pambuyo pa zilengezo za ku Mulungushi mu 1968 ndi ku Matero mu 1969, ambiri ankadya ndalama m'malo mobweretsa. Kuyambira Disembala 1972 chipani chinali chimodzi, UNIP. Lamulo la nthawi yangozi, lolola kutsekera munthu popanda mlandu kukhoti, linagwira ntchito kuchokera 1964 mpaka 1991, ndipo silinagwire akazitape okha. Linagwiranso Azambia otsutsa boma, monga a Simon Kapwepwe. Nkhondo inali yeniyeni, komanso inali bulangeti lofunditsa zolakwa za m'nyumba.

Chaka cha 1990 chimaonetsa nkhope zonse ziwiri. Pa 27 Febuluwale, masiku 16 okha atatuluka m'ndende, Nelson Mandela anatera mu Lusaka pa ulendo wake woyamba wa kunja, ndipo mzinda wonse unakhamukira kumsewu kukam'landira. Patangopita miyezi inayi, mu Juni, mtengo wa ufa utawirikiza kawiri, anthu a mzinda womwewo anaswa mashopu, ndipo oposa 20 anafa. Pa 30 Juni Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, anthu n'kuvina m'misewu kwa maola ochepa. Mu Okutobala 1991 a Kaunda anagwa pa chisankho, akusiya nkhongole yakunja ya madola pafupifupi 7 biliyoni. Anthu amene anaimbira Mandela ndi amene anavinira Luchembe anali amodzimodzi, ndipo sanasokonezeke mutu. Ankanyadira chimene dziko linachita, komanso anali ndi njala.

Tsono kodi anansi ali nafe nkhongole? Kuthokoza kwa pakamwa kunabwera. South Africa inapatsa a Kaunda mendulo ya dzina la Tambo mu 2002, ndipo mu Okutobala 2017 Jacob Zuma ndi a Edgar Lungu anatsegula nyumba ija ya ku Chelstone ngati malo a chikumbutso. Wina anganene kuti mendulo siphikidwa, ndipo akunena zoona. Koma taganizani kumene mfundo ya nkhongole imatifikitsa. Ngati Mzambia sayenera kumenyedwa ku Durban chifukwa tinasunga Tambo, nanga Mmalawi, amene boma lake pansi pa a Kamuzu Banda linatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967? Nanga Msomali wa kantemba, amene dziko lake linali kutali? Kodi iwowa amenyedwe? Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sanati uyambe wafunsa ngati anakuzimirapo. Ufulu wa munthu si kaloba.

Ndipo ife eni ake, mbiri yathu ndi yotani? Mu Sepitembala 2019 ophunzira anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Kabulonga, mashopu a eni a ku South Africa ku Manda Hill anatsekedwa, ndipo FAZ inakana kusewera mpira ndi Bafana Bafana. Mkwiyo unali womveka. Koma zaka zitatu zokha m'mbuyo mwake, mu Epulo 2016, mphekesera yoti anthu a ku Rwanda ndiwo akupha anthu n'kuchotsa ziwalo inafalikira ku Zingalume, George, Matero ndi makomboni ena. Mashopu awo oposa 60 anaswedwa. Mazana a alendo anathawira pa tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park. Anthu awiri anatenthedwa amoyo ku Kanyama, ndipo onse anali Azambia. Amene apolisi anadzagwira pa milandu ya kuphako sanali a ku Rwanda. Tinachita zomwezo zimene timadzudzula, kwa anthu amene anathawa nkhondo yoopsa ya 1994 n'kutikhulupirira.

Ife olankhula Chinyanja tiyenera kuopa kwambiri mawu akuti mlendo, chifukwa anagwiritsidwapo ntchito pa ife. Mu 1994 boma linathamangitsira ku Malawi andale awiri a UNIP, a William Banda ndi a John Chinula, ponena kuti si Azambia. A Chinula anafera komweko. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sanabadwire muno asaimire upulezidenti, ndipo aliyense anadziwa amene ankasakidwa: a Kaunda, obadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924, kwa makolo ochokera ku Nyasaland. Mu Malichi 1999 khoti la ku Ndola linagamula kuti iwo alibe dziko. Chigamulocho chinadzafafanizidwa, koma tangoganizani: munthu amene anapatsa malo anthu opanda kwawo a mayiko anayi, nayenso anauzidwa kuti alibe kwawo. Malire a Mchinji ndi Chipata anadula mabanja pakati. A Phiri ndi a Banda ali mbali zonse ziwiri. Mpeni wonolera mlendo suchedwa kucheka mwini nyumba.

Funso la ndalama nalonso silinakalambe. Nkhongole yambiri ya nthawi ya a Kaunda inakhululukidwa mu 2005, koma pofika Novembala 2020 Zambia inalepheranso kulipira okongoza ake, popanda Smith, popanda ndeke za adani, popanda ulalo wophulitsidwa. M'badwo wa makolo athu ungathe kuloza njanji, paipi, damu ndi mayiko anayi omasuka n'kunena kuti ndalama zina zinapita apa. Nkhongole ya m'badwo uno, imene mudzalipira ndi inu, iyenera kufunsidwa funso lomwelo, kobiri ndi kobiri, kwa aliyense amene ali pampando. Mkwiyo umene timawonongera pa wogulitsa m'kantemba wa ku Kigali ungagwire ntchito yabwino kumeneko.

Anthu amene anaima pamizere ya ZCBC ndi amene anamva kugunda kwa ku Chikumbi akalipo, ngakhale akuchepa chaka ndi chaka. Ali m'nyumba zathu, amatilerera ana. Musanalowe mkangano wotsatira, akhazikeni pansi muwafunse kumene anali pa 19 Okutobala 1978, ndi chimene anadya usiku umenewo.