Brazil

Brazil ndi dziko lalikulu kuposa onse ku South America, ndipo ndi lachisanu pa kukula padziko lonse, pokhala ndi malo okwana masikweya kilomita 8.5 miliyoni. Limachita malire ndi mayiko onse a chigawochi kupatula Chile ndi Ecuador. Likulu lake ndi Brasília, mzinda womwe anachita kuumanga dala mkati mwa dziko n'kuutsegula mu 1960, kulowa m'malo mwa Rio de Janeiro.

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu 203 miliyoni. Ngakhale malo ali mbwee, ambiri anaunjikana kufupi ndi nyanja ya Atlantic, makamaka kummwera chakummawa komwe kuli mzinda wa São Paulo. Amayankhula Chipwitikizi chifukwa Apwitikizi, omwe anafika mu 1500, analamula dzikoli mpaka 1822. Minda ya nzimbe, migodi ya golide komanso minda ya khofi zinkadalira akapolo mamiliyoni ochokera ku Africa, ena anakwezedwa zombo ku Quelimane. Ukapolo unatha mu 1888, mochedwa kuposa dziko lina lililonse la ku America.

Chuma cha Brazil chili m'nthaka. Palibe dziko lokolola khofi, nzimbe, malalanje kapena soya wochuluka kuposa ili, ndipo limagulitsa kunja nyama yambiri ya ng'ombe ndi nkhuku, China kukhala wogula wamkulu wa katundu wake. Kampani ya Petrobras imapopa mafuta pansi pa nyanja, ya Embraer imapanga ndege, pomwe ya Vale imakumba miyala ya chitsulo ku Carajás. Vale yomweyo ndi imene inamanga njanji ya malasha yochokera ku Moatize kudzera m'Malawi kupita ku Nacala.

Vuto n'lakuti ulimi umene ukulemeretsa dzikoli ndi womwenso ukudya nkhalango. Pafupifupi magawo 60 mwa 100 a nkhalango ya Amazon ali m'Brazil, ndipo malo ambiri oswedwa kumeneko amasanduka msipu wa ng'ombe. Anthu amadula mitengo, kudikira kuti iume, kenako n'kutentha m'chilimwe. Ofukula golide mozemba nawonso amaipitsa mitsinje ya anthu a mtundu wa Yanomami. Koma mitengo ya m'nkhalangoyi ndiyo imatulutsa chinyezi chomwe mphepo imatengera kummwera, n'kukagwa ngati mvula m'minda ya soya ndi m'madamu a magetsi. Mlimi wotentha nkhalango akudzipha yekha.

Tchire la Cerrado silitchuka ngati Amazon, komabe pafupifupi theka lake linaswedwa kale. Bungwe la boma la INPE limayeza nkhalango ya Amazon yomwe yadulidwa chaka chilichonse pogwiritsa ntchito masetilaiti kuyambira mu 1988.