Poloni ya ku Polokwane ndi phunziro kwa eni magolosale

Pa 5 Disembala 2017, nduna ya zaumoyo ku South Africa, Dr Aaron Motsoaledi, idalengeza kuti m'dzikomo mwabuka matenda a listeriosis. Anthu adali atayamba kudwala kumayambiriro kwa chakacho, koma palibe amene ankadziwa chakudya chimene chinkawadwalitsa.

Kuchedwaku kudali ndi chifukwa chake. Tizilombo ta Listeria timaswana ngakhale mufiriji, ndipo munthu atha kukhala milungu ingapo, mwina miyezi iwiri, asanayambe kumva kudwala. Ndani angakumbukire zimene adadya mwezi watha? Timavutitsa kwambiri amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chochepa.

Chinsinsi chidaululika mu Januwale 2018, pamene ana 9 a pasukulu ina ya mkaka ku Soweto adathamangira nawo kuchipatala cha Chris Hani Baragwanath. Oyendera zaumoyo adatenga poloni imene anawo adadya n'kukaipima. Akatswiri a bungwe la NICD adapezamo mtundu wa tizilombo wotchedwa ST6, womwewo umene unkapezeka mwa odwala ambiri, ndipo adaulondola mpaka kufakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands.

Pa 4 Malichi 2018 boma lidalamula kuti katunduyo achotsedwe m'masitolo. Ndunayo idachenjezanso anthu kuti apewe nyama yonse yokonzeratu yodya osaphika, monga poloni ndi masoseji a viyena, posatengera kampani imene idapanga. Chifukwa chake n'chakuti m'sitolo katundu amagona mufiriji imodzi, ndipo tizilombo ta papaketi imodzi titha kufalikira ku ina. Mayiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, adaletsa nyama yotereyi kuchokera ku South Africa. Pomwe mliriwu unkalengezedwa kuti watha, pa 3 Seputembala 2018, anthu 1,060 adali atapezeka ndi matendawa ndipo 216 adali atamwalira. Bungwe la WHO lidati uwu udali mliri waukulu wa listeriosis kuposa yonse imene idalembedwapo. Mlandu wa chipukuta misozi wa mabanja okhudzidwa udatenga zaka zambiri.

Ambiri akamakamba nkhaniyi amaloza chala fakitale ndi boma, ndipo sakulakwa. Ine ndikuona kuti pali mbali ina imene timaiiwala: sitolo. Lamulo lochotsa katundu limangokhala mawu a pawailesi ngati wogulitsa sakudziwa kuti katundu wake adachokera kuti, adabwera liti, ndipo ndi wa nambala yanji ya mpukutu. Sitolo yaikulu itha kutseka katundu pamakina olipirira tsiku lomwelo. Nanga okala ya m'makwalala, imene imaoda mpukutu umodzi wa poloni n'kumacheka mapisi ogulitsa m'tijumbo topanda chizindikiro chilichonse? Pepala lokutira likatayidwa, umboni wonse watayika. Mpeni womwewo ukachekanso chakudya china, vuto lafalikira.

Zofunika kuchita sizodula. Kusunga malisiti a kooda. Kulemba m'kope dzina la kampani, nambala yosindikizidwa papaketi ndi tsiku lothera ntchito. Kuika katundu woletsedwa payekha, osati kumutsitsa mtengo kuti athe msanga. Kutsuka firiji, thabwa ndi mpeni ndi madzi othira jiki. Kubwezera wogula ndalama zake popanda mikangano.

Ena mwa ife tikamaliza maphunziro tidzatsegula magolosale, ena tidzagwira ntchito yoyendera masitolo ku Malawi Bureau of Standards kapena kumakhonsolo. Tidzakumbukire kuti pakati pa 5 Disembala ndi 4 Malichi padadutsa miyezi itatu poloniyo ikugulitsidwabe. Kufufuza gwero ndi ntchito ya akatswiri, koma tsiku limene gwerolo ladziwika, changu chake chimadalira kope la mwini sitolo.